Kathabwa ka Kuchimbudzi

"Ndati upite akakuchotse mu kanemamo! Kodi ndikulankhula ndi khoma?"

Mlamu wanga Corentin anamenya tebulo mpaka supu wa nsomba anadumphira pa nsalu yoyera ya tsiku Lamulungu. Mkazi wake, mkulu wanga Maryvonne, sanadzidzimuke n'komwe. Anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta pomwe panadonthera. Ine ndinabwera kudzadya, osati kudzaweruza mlandu, koma pakamwa panga sipanaphunzirepo kukhala chete.

"Mlamu, tebulolo silinakulakwireni. Ngati mphamvu zachuluka, bwererani kunyanja, maboti akusowa anthu."

"Iwe Soizic, za m'nyumba muno zileke. Mkulu wakoyu wandivula pa doko lonse. Dzulo ndalowa ku bala kukamwa kamodzi kokha, amuna onse akungokandana. Munthu wa imvi kukakhala pamaso pa kamera n'kumauza dziko lonse kuti ankadzikodzera pantchito! Bongololo sadzolera mafuta pagulu."

"Ndinanena bodza?" anafunsa Maryvonne motsitsa mawu.

"Choona chilichonse n'chopita nacho kumsika?"

Kumapeto kwa tebulo kunakhala mwana wawo yekhayo, Katell. Buledi wake anali asanamulume, ankangomutembenuza m'manja. Atakweza nkhope, maso anali ofiira.

"Ababa, za anzanu a ku bala zilibe ntchito, aseka atopa. Amayi, ndiyang'aneni ine. Lachisanu kapitawo wathu, Madame Riou, anandiitanira pambali. Akuti, 'Ndamva kuti amayi ako atchuka. Uwauze kuti abwana saiwala dzina la banja.' Mukudziwa kuti kumapeto kwa mwezi uno ndi pomwe akusankha oti akhazikike pa ntchito ku fakitale. Ndadikira nyengo zingati, amayi? Nsomba zikatha kundithamangitsa, zikabwera kundiitana ngati mphaka. Chaka chino anandiuza okha kuti ndili patsogolo."

"Wamva?" anatero Corentin. "Kale tinkati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kuno wadya ndi wamkulu, m'mimba mukupota mwana. Iwe unapuma pantchito, sangakuchotsenso. Mwamuna wa mwanayu ali kutali panyanja, malipiro ake ndi a mphepo, lero alipo mawa palibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Maryvonne anapinda kansanza kaja bwinobwino. "Ndinalankhula chifukwa cha iwe, Katell."

"Ndinakutumani?"

Mawu amenewo anamubaya mkulu wanga, ndinaona ndi maso anga. Katell nayenso anadzimva, anagwira pakamwa, kenako anathamangira kuchipinda chake chapamwamba. Supu anazizira m'mbale, ndipo palibe anam'khudzanso kupatula ine, chifukwa sindikhulupirira zoti mkangano uziwononga chakudya.

Akazi atatu tonsefe ndife a fakitale yoika nsomba za sadini m'zitini. Maryvonne anasiya chaka chatha impso zitamugwetsa. Ine ndikadali pa tebulo lodulira mitu, ndipo Katell amaima kumanja kwanga. Nkhani yonse inali pa kathabwa kofiira komwe kamalendewera pa msomali pafupi ndi kapitawo wathu, Madame Riou. Ukafuna kupita kuchimbudzi umakweza dzanja n'kudikira kuti akupatse. Kathabwa n'kamodzi, akazi ndife holo yodzaza. Tinakapeza, amayi athu anakapeza, koma abwana atsopano atabwera anawonjezera zoti nsomba zikachuluka kathabwako kazipuma. Apo m'pamene bungwe lathu la antchito linadzuka, ndipo phokoso lake linakoka mtsikana wina wa ku Paris, Delphine, amene ankajambula kanema wa nkhondo yathuyi. Zina zomwe anajambula anationetsa ife akazi tokhatokha m'chipinda cha bungwe. Koma pa doko lathu mawu amafika ku ofesi asanazizire.

Lachiwiri nditaweruka ndinapeza Maryvonne akundidikira pa geti, atavala jasi lake lopitira kutchalitchi.

"Ndiperekeze kwa mtsikana uja," anatero. "Ndekha ndibwerera panjira."

Delphine ankachita lendi kachipinda pamwamba pa bekale. Ndi kamunthu kowonda, kotsokomola, ndipo ife tinali titagwirizana kale kuti ku Paris anthu sadya. Anatilandira ndi chimwemwe, koma Maryvonne atanena chomwe anabwerera, chimwemwecho chinazimiririka.

"Mayi, mundilole ndikuonetseninso kamodzi. Mukanenabe kuti ndichotse, ndichotsa."

Anayatsa kawailesi kakanema, ndipo mkulu wanga anatulukira mmenemo atakhala m'khitchini mwake, manja ake opindika atawasanjika pa tebulo.

"Ife timapita kuntchito osamwa kanthu," ankatero Maryvonne wa mu kanema. "Khofi timawaphikira amuna athu, ife timangonunkhiza. Koma thupi ndi thupi. Ukaona mnzako waima chouma, mpeni wasiya kuyenda, maso ali pansi, umadziwa. Sufunsa. Patebulo pamakhala ndowa yotsukiramo mipeni. Umaigunda ndi chigongono ngati mwangozi, madzi n'kukhuthukira pa iye kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, nawenso n'kunyowa. Kapitawo amakukalipira iweyo kuti ndiwe wosasamala, koma mnzako wapulumuka, palibe angasiyanitse. Anatiphunzitsa amayi athu, ife taphunzitsa ana athu. Ine anandithirirapo, inenso ndathirirapo anzanga. Tinabisa bwino zedi, moti lero tikamadandaula abwana akuti sanaonepo vuto. Ndipo sakunama ayi."

Delphine anazimitsa. "Ena onse akundiuza za malamulo ndi za misonkhano. Inu nokha ndi amene mwanena chomwe chimachitika. Kanema yense watsamira pa mawu amenewa. Nanga nditabisa nkhope yanu?"

"Mwana wanga, mawu angawa amawadziwa ndi agalu omwe a pa doko pano."

"Koma amva kale ku ofesi. Kuchotsa kusintha chiyani?"

"Madzi akatayika sawoleka, ndikudziwa. Koma kumva mphekesera ndi kwina, kuona dzina la fakitale yawo likunyozeka m'mizinda ndi kwina. Ndikawauza kuti ndatulukamo, mwina amuleka mwana wanga. Uli ndi mwana iwe?"

"Ayi."

"Ukadzakhala naye udzandikhululukira."

Delphine analuma mlomo, anayang'ana kudenga, kenako anagwedeza mutu. "Mawuwo ndi anu, mayi. Sindingakubereni."

Pobwerera Maryvonne anaima pa khoma la doko atagwira kumsana pomwe pamamupweteka. Mphepo inali yozizira, mbalame zikulimbirana matumbo a nsomba pansi pa milatho ya maboti.

"Ndadzidula lilime, Soizic."

"Limeranso. Athu m'banja mwathu ndi aatali."

Anaseka pang'ono, kenako misozi inatsika. "Khoswe wakhala pa mkhate, mng'ono wanga. Ndikamenya ndiswa mwana. Ndinalankhula chifukwa cha iye, lero ndakhala chete chifukwa cha iye yemweyo. Ndiuze, nthawi iti yomwe ndakhala mayi wabwino?"

Ndinangomukoleka mkono n'kumuperekeza mpaka pakhomo pake. M'mawa mwake ndinakauza Madame Riou kuti mkulu wanga watuluka mu kanema. Anangoti, "Wachita mwanzeru," osandiyang'ana.

M'nyumba mwa mlamu munabwerera bata. Corentin anayambanso kuimba mluzu, Katell anawagulira amayi ake mpango wobiriwira wopepesera. Koma ine amene ndinkaima naye phewa ndi phewa ndinayamba kuona zina. Dzanja la mwanayu linali m'mwamba kuposa la wina aliyense. Nthawi ya nkhomaliro tsiku lina ndinamukokera kuseri kwa fakitale, komwe timakhala pa mabokosi n'kumaothera kadzuwa.

"Iwe, dzanja lakoli lasanduka mbendera? Chikukuvuta n'chiyani?"

"Ndi kuzizira, mayi aang'ono."

"Kuzizira? Kuzizira komweko n'komwe kukukuchititsa kuthawa fungo la mafuta okazingira? N'komwe kwakumasulitsa batani la siketi? Usandinamize ine, ndinakusintha matewera amayi ako ali pa shifiti."

Anayang'ana uku ndi uko, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu. "Musauze munthu, ndakugwirani mwendo. Akudziwa ndi mwamuna wanga yekha, ndinamuuza pa foni."

"Ngakhale amayi ako?"

"Makamaka iwowo. Akadziwa sagona, abwera kudzandikoka pa tebulo."

"Mimba sibisika, mwana iwe."

"Ibisike mpaka kumapeto kwa mwezi basi. Akangondilemba, ndinena, sangandichotsenso. Koma akadziwa lero, dzina langa alidumpha. Sanganene kuti ndi chifukwa cha mimba, angoti nyengo yatha, zikomo, tidzakuitana. Munaona zomwe anamuchita mkazi wa wokonza maukonde uja."

Ndinaona, ndipo tonse tinaona. Ndinatsegula botolo langa la tiyi n'kumupatsa, iye anakankha.

"Wamwa chiyani lero?"

"Ndimamwa ndikaweruka."

"Ndi mwana m'mimba! Ukamakodza sikukuwotcha?"

Anavomera ndi mutu.

"Katell, impso za amayi ako zinayamba chonchi. Imwa, ngakhale pang'ono. Kathabwa ndizikupemphera ine."

Anamwa mafunda awiri ngati akumwa mankhwala owawa. Masana omwewo ndinakweza dzanja, kathabwa katandipeza ndinakatsetsereka kwa Katell. Tinachita choncho masiku angapo, mpaka Madame Riou anatigwira.

"Soizic, kathabwa si buledi woti muzigawana. Wapempha ndi amene amapita."

"Ndiye mufuna ndikamukodzere ine, Madame?"

Akazi anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Madame Riou sanaseke. Si munthu woipa mtima chibadwire, tinayamba naye ntchito pa tebulo limodzi tili atsikana, ndipo ndikudziwa mtundu wa zovala zake zam'kati za nthawi imeneyo. Koma chimupatsireni jasi loyera ndi kachipinda kagalasi, amaopa abwana kuposa mmene amaopera Mulungu.

Ndinasunga chinsinsi cha Katell, ngakhale chinkandilemera. Ndikapita kwa mkulu wanga ndinkalankhula za nyengo ndi mitengo ya batala, mpaka Corentin anafunsa ngati ndikudwala.

Tsiku la tsokalo linali Lachinayi la sabata yomaliza. Maboti anabwera atalemera mpaka madzi kufika m'milomo, nsomba zikungokhuthuka patebulo osatha. Kuwonjezera apo, abwana anabweretsa alendo, akuluakulu a masitolo ogula zitini zathu, atavala majasi oyera ndi zipewa zapepala. Madame Riou anachotsa kathabwa pa msomali n'kukaika m'thumba.

"Alendo ali muno, sindikufuna kuona malo opanda munthu. Mipeni iziyenda."

Alendo a masitolo sathamanga. Anaima pa makina otsekera zitini, anafunsa za mafuta, ananunkhiza mchere, anasekerera nthabwala za abwana. Dzanja la Katell linakwera. Madame Riou anayang'ana kwina. Dzanja linatsika, mpeni unadula mitu ingapo, dzanja linakweranso. Ndinamuona akusinthanitsa miyendo, thukuta lili pamphuno m'holo yozizira ngati imeneyo.

"Ingopita," ndinanong'ona. "Ndiyankha ine."

"Mawa akutchula mayina, mayi aang'ono. Ndipirira."

Alendo anafika pa mzere wathu. Abwana ankawafotokozera kuti nsomba zathu zimadulidwa ndi manja monga kale, kuti akazi a pa doko lino ali ndi luso lochokera kwa agogo awo. Pomwepo mpeni wa Katell unaima. Anauma thupi lonse, maso ali pansi. Ndinadziwa.

Chigongono changa chinapita chokha ku ndowa, sindinachitume. Koma chisanafike, Katell anaigwira ndowayo ndi dzanja lake lonse n'kuikanikiza patebulo.

"Ayi, mayi aang'ono. Isiyeni."

"Mwana iwe, alendo!"

"Isiyeni ndati."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuchoka pa tebulo, pamalo poti aliyense amuone. Yunifolomu yathu ndi ya buluu wowala, siibisa kanthu. Dzanja lina linali likadali m'mwamba.

"Madame Riou," anatero, mawu akuduka, "kathabwa kaja musavutike nako. Ndathana nazo pompano. Ndine woyembekezera, ndakhala ndikupempha chilowereni alendowa."

Sindinamvepo holo imeneyo itakhala zii. Mipeni inasiya kugogoda, umodzi umodzi, mpaka kunangotsala kulira kwa makina. Mlendo wina wamkazi anagwira pakamwa. Abwana anafiira mpaka m'makutu n'kuyamba kunena kuti zimenezi sizinachitikepo, mtsikanayu ayenera kuti akudwala. Pamenepo mayi wina wachikulire wa kumapeto kwa mzere, amene sanapitepo ku msonkhano wa bungwe ngakhale umodzi, anaika mpeni pansi n'kukweza dzanja. Woyandikana naye anakweza. Posakhalitsa holo yonse inali manja okhaokha onunkha nsomba, ndipo popanda wolamula anayamba kutuluka pa mizere kupita kukandanda pakhomo la chimbudzi.

Ndinavula juzi yanga n'kumumanga nayo Katell m'chiuno. Tikudutsa pa kachipinda kagalasi, Madame Riou anandigwira mkono. Kathabwa kanali m'dzanja mwake, nkhope itayera.

"Soizic," ananong'ona, "ndowa inali pomwepo. Bwanji sunathire?"

"Mwini wake wakana, Madame."

Panjira Katell sanalire. Analira titalowa pakhomo, ataona amayi ake akusenda mbatatesi. Maryvonne anayang'ana juzi ya m'chiuno, anayang'ana miyendo, kenako anayang'ana ine ndi maso amoto.

"Unali kuti iwe? Ndowa sunaione?"

"Ndine ndawaletsa, amayi," anatero Katell. "Ndimati ndipirira. Zitachitika, ndinamva mawu anu aja, oti tinabisa bwino zedi. Ndinaganiza kuti mwana ali m'mimbayu akakhala wamkazi, nayenso ndidzamuphunzitse kugunda ndowa? Dzanja linangopita lokha."

"Mwana uti?"

Umu ndi mmene mkulu wanga anadziwira kuti akhala gogo, mwana wake ataima m'khitchini atanyowa. Anaponya mpeni, anamukumbatira mmene analilimo, kenako anatenthetsa madzi n'kumusambitsa yekha ngati kakhanda, uku akumukalipira uku akumupsompsona pamutu. "Chitsiru cha mwana, kundibisira ine! Chitsiru changa chokongola!" Ine anandilonjeza kuti mlandu wanga wosunga chinsinsi tidzakamba tsiku lina, ndipo mpaka lero akundisungira.

Corentin anali ataima pakhomo la kumbuyo, manja ali ndi girisi ya galimoto. Anamva zonse. Sanamenye tebulo, sananene mwambi. Anasamba m'manja, anatulutsa galimoto, n'kutitengera kwa dokotala. Dokotala anapeza matenda m'chikhodzodzo, atatsala pang'ono kukwera ku impso, koma anati mwana ali bwino. Analamula kuti Katell agone ndipo azimwa madzi ngati ng'ombe.

Mayina sanatchulidwe mawa lake, chifukwa akazi anakana kugwira mipeni mpaka Lolemba, nsomba zambiri zinawonongeka. Abwana anakumana ndi a bungwe, ndipo atakambirana kwa nthawi yaitali anatulukira ndi chifundo chawo: kathabwa kachiwiri, kobiriwira. Tinaseka mpaka misozi, ya chimwemwe ayi. A bungwe anati nkhondo ikupitirira. Lachisanu lotsatira Madame Riou anawerenga mayina a okhazikika. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, la Katell munalibe. Chifukwa sanapereke, ndipo lamulo silinawakakamize kupereka, popeza nyengo inali itatha.

Uthengawo ndinaupititsa ndekha Loweruka m'mawa. Ndinawapeza m'khitchini, Katell atafunda bulangete, jagi yamadzi ili patsogolo pake. Sindinafunike kutsegula pakamwa, nkhope yanga inandigulitsa.

"Ndimadziwa," anatero Katell. Kudziwa sikuchepetsa ululu.

Maryvonne anakhala pansi ngati wamenyedwa. "Ndi pakamwa pangapa. Ndikanakhala chete poyamba pomwe, sukanamva mawu amenewo, Soizic akanathira ndowa, lero ukanakhala ndi ntchito."

"Ndikanakhala ndi ntchito ndi impso zowola, amayi. Musadziimbe mlandu. Sanandichotse chifukwa cha pakamwa panu, andichotsa chifukwa cha chikhodzodzo changa."

"Nanga mwana akabadwa mudya chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndikuopa, sindikunamizani. Ndimadzuka mtima ukugunda." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Koma ndinakulankhulani moipa tsiku lija. Ndinati sindinakutumeni. Lero ndikukutumani. Pitani kwa Delphine akakubwezeni mu kanema."

"Bambo ako andimeza."

"Ali kuti kodi mlamu?" ndinafunsa, chifukwa galimoto panja panalibe.

Tisanayankhane tinamva injini ikutsokomola pakhomo. Analowa Corentin atavala suti yake ya kumaliro, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesa, akunyamula miyendo itatu ya kamera ngati mtolo wa nkhafi. Kumbuyo kwake kunali Delphine, akuoneka ngati munthu wogwidwa ndi apolisi.

"Anandigogodera ndikadali m'tulo," anatero mtsikanayo. "Akuti ndisafunse mafunso, ndingonyamula katundu."

"Mlamu, mwafedwa?" ndinafunsa.

"Khala chete kamodzi m'moyo wako, Soizic." Anaika katundu pansi n'kutembenukira kwa mkazi wake. Anavutika kupeza poyambira, ankangokoka kolala. "Dzulo ndinapita ku bala. Za mayina ndinamvera komweko. Wina anayamba kuseka za mwana wanga. Ndinafuna kumuswa mano, koma m'malo mwake ndinamufunsa kuti, mkazi wako wabwerapo kunyumba siketi itanyowa, n'kukuuza kuti ndowa inagwa? Anasiya kuseka. Ndinafunsa winanso, ndi winanso. Bala yonse inakhala chete, Maryvonne. Aliyense ankayang'ana m'tambula mwake."

Maryvonne anakweza nkhope, Corentin anapitiriza.

"Iwe unkabwera chonchija nthawi yozizira, miyendo itachita buluu. Ine ndinkati chiyani? Ndinkati ndiwe wosasamala, zaka zonsezi sunaphunzire kuika ndowa pabwino. Ndinkaseka. Khofi unkandiphikira, iwe osamwa, ine ndinkati ukusunga thupi." Bambo amene anakwirira anzake omira m'nyanja osagwetsa msozi anaima pakati pa khitchini akulira ngati mwana. "Bwanji sunandiuze?"

"Unali ndi nyanja yako, Corentin. Ndinkati zako zikukwanira."

"Chetechete sautsa nyama, mkazi wanga. Khala apo unene zonse, ndi zomwe unasiya. Akamaliza nawe andifunse inenso. Ndikufuna amuna andimve."

Maryvonne ananyamuka, anamukonza tayi yomwe inali itapotoka, n'kusiya dzanja lake pachifuwa pa mwamuna wake kwa kanthawi. Ine ndinapeza chochita pa sinki, chifukwa m'maso mwanga munalowa kanthu.

Delphine anaimika kamera moyang'ana tebulo. Anali atakonza mpando umodzi, koma Katell anakoka wake n'kukhala pafupi ndi amayi ake, bulangete lili m'mapewa.

"Inunso?" anafunsa Delphine. "Ganizani bwino. Kanemayu akatuluka, mafakitale ena a m'mbali mwa nyanja muno adzakudziwani. Nkhope yanu ndikhoza kuibisa."

"Anaiona kale ili pamwamba pa yunifolomu yonyowa. Aione ili youma."

"Chabwino. Tiyamba ndi inu. Nenani dzina lanu ndi ntchito yomwe mumagwira."

Kanyali kofiira kanayaka. Katell anayang'ana m'diso la kamera.

"Dzina langa ndi Katell. Ndimagwira ntchito ya..."

Anaima. Anali asananenepo mokweza kuti ntchito alibe. Delphine anatambasula dzanja kuti azimitse, koma Maryvonne anamuletsa ndi mutu. Anatenga dzanja la mwana wake n'kuliphimba ndi ake awiri opindika aja.

"Nena mmene zilili, mwana wanga. Ndili pompano."

Katell anapuma mozama.

"Ntchito ndilibe, andichotsa dzulo. Ndinali wodula mitu ya sadini, ngati amayi angawa, ngati agogo anga. Mwana ali m'mimba muno adzabadwira m'nyumba yosowa, ndipo tsiku lina adzandifunsa chifukwa chake. Jambulani bwino, Delphine. Ndikufuna adzamve kwa ine ndi kwa agogo ake, osati ku bala."